Likulu Ndi Lathu, Koma Zoyamba Zili ku Kabula

Pa kalembera wa mu 2018 mzinda wa Lilongwe unapezeka ndi anthu 989,318, pomwe wa Blantyre unali ndi 800,264. Tinali titawadutsa kale pa kalembera wa mu 2008, ngakhale kuti panthawiyo kusiyana kwake kunali kochepa. Bwalo lamasewero lalikulu kuposa onse m'dziko muno, la Bingu, lili kwathu kuno ku Area 48 ndipo mumalowa anthu pafupifupi 41,000. Nyumba ya Malamulo ili kuno, maunduna ali ku Capital Hill, akazembe a mayiko akunja amakhala kuno. N'chifukwa chake tikakhala pakhonde ku Area 9 madzulo, nkhani n'kugwera pa Blantyre, timayankhula modzimva: misewu yopanikizana, zitunda zosatha, nyumba zakalekale za mu Victoria Avenue. Timapitako pokhapokha pali chifukwa, kaya ukwati, maliro, mlandu wa apilo ku Chichiri kapena wodwala ku Queens, ndipo tikangomaliza timathamangira basi yobwerera.

Koma wina akatifunsa za zoyamba m'malo mwa zazikulu, a ku Lilongwe timangoyang'ana pansi. Mzinda wathu unavomerezedwa kukhala tauni mu 1947, ndipo likulu linasamukira kuno kuchokera ku Zomba mu 1975. Blantyre anayamba mu 1876. Johannesburg, kumene abale athu amathamangira kukasaka ganyu, anabadwa mu 1886, Harare mu 1890, Nairobi mu 1899, Lusaka mu 1905. Onsewa ndi azing'ono ake a Kabula, monga timamutchulira Blantyre.

Amene anasankha malowa ndi Henry Henderson wa mpingo wa Church of Scotland, koma amene ankadziwa njira ndi chiyankhulo anali Tom Bokwito, munthu wakonkuno yemwe anapulumutsidwa m'manja mwa ogula akapolo ali mwana. Mfumu Kapeni inawalola kukhala, ndipo mishoni inakhazikitsidwa mu October 1876. Anaipatsa dzina la katauni ka ku Scotland, pafupi ndi Glasgow, komwe David Livingstone anabadwira mu 1813. Katauni kameneko mpaka lero sikafika anthu 20,000, ndiye kuti Blantyre wamkulu kuposa onse padziko lapansi ndi wathuyu. Zaka zoyambirira za mishoni sizonyaditsa ayi. Amishoni anadzisandutsa oweruza, ankakwapula anthu ndi zikoti, ndipo munthu wina anamuwombera atamuweruza okha kuti ndi wakupha. Nkhaniyi itamveka ku Scotland, mtsogoleri wawo Duff Macdonald anachotsedwa, ndipo mu 1881 kunabwera mbusa wina, David Clement Scott.

Scott ameneyu ndiye mwini nkhani ya tchalitchi cha St Michael and All Angels, chomwe kwa ine ndi nyumba yokongola kuposa zonse m'Malawi, ngakhale mutaziika pamodzi zagalasi zonse za ku City Centre. Ntchito inayamba mu 1888 ndipo tchalitchicho chinapatulidwa pa 10 May 1891. Scott sanaphunzirepo zomangamanga, ndipo panalibe mapulani ojambulidwa ntchito isanayambe. Anthu amene ankagwira naye ntchito anali a m'midzi yozungulira, oti anali asanamangepo nyumba yamtundu umenewo. Dothi ankakumba pomwepo, njerwa ankaumba ndi kuotcha pomwepo, ndipo pofuna njerwa yamaonekedwe achilendo ankayamba asema chikombole chake chamtengo. Amene anawerenga akuti m'khoma la tchalitchichi muli njerwa zamitundu 81. Mbali yovuta ankayamba aisanja popanda matope, n'kuiyang'ana, n'kuiphwasula, kenako n'kumanga zenizeni.

Mukafika musathamangire kulowa. Imani kaye kumaso kwake muyerekeze nsanja ziwirizo, muona kuti sizofanana: zokongoletsa za iyi si za inzake. Kenako yandikirani khoma mpaka mulikhudze. Pali njerwa zopindika, zosongoka, zozungulira, zina zokhala ndi timizere, ndipo zasanjidwa mwakuti dzuwa likapendeka khoma lonse limadzaza ndi timithunzi. Si chachikulu monga chimaonekera pa zithunzi, kutalika kwake ndi mamita 32 okha, ndipo n'chifukwa chake mpingo unamanga holo ina yaikulu pambali kuti anthu azikwanamo. Dzina limene aliyense amatchula ndi la Scott, ndipo n'zoona kuti nzeru zake zinali zodabwitsa. Koma aliyense amene anaumbitsapo njerwa akudziwa kuti uvuni ukapsa moperewera, mvula ya zaka zochepa imanyenya khoma. Izi zaima zaka zoposa 130, choncho ulemu wina upite kwa amene ankaponda dothi ndi kusonkhezera moto usiku.

Pali mawu amene alendo amauzidwa kawirikawiri, akuti ichi ndi tchalitchi choyamba chokhazikika pakati pa mitsinje ya Zambezi ndi Nile. Pamenepa pokha ndiye anakokomeza. Pa chilumba cha Mozambique pali katchalitchi ka Apwitikizi ka mu 1522, ndipo ku Lalibela ku Ethiopia anasema matchalitchi m'thanthwe zaka mazana ambiri Scott asanabadwe. Tchalitchi cha ku Mishoni sichikusowa bodza kuti chitchuke.

Pa malo omwewa pali zoyamba zina zimene sizioneka ndi maso. Mu 1892 Scott yemweyo anatulutsa dikishonale yaikulu ya Chimang'anja, imene Alexander Hetherwick anadzaikonzanso mu 1929, ndipo aliyense wolemba chiyankhulo chathuchi amadya za m'munda umenewo kaya akudziwa kaya sakudziwa. Sukulu ya Henry Henderson Institute, yomwe tonse timangoti HHI, inatsegulidwa mu 1909. Mu 1911 Harry Kambwiri Matecheta ndi Stephen Kundecha anadzozedwa kukhala abusa oyamba achikuda a mishoniyi. Khofi woyamba m'dziko muno anabzalidwa m'dimba la mishoni mu 1878, mbande yake itachokera ku Edinburgh, ndipo tiyi amene wadzaza Mulanje ndi Thyolo anayamba wayesedwa m'dimba lomwelo.

Komabe tchalitchichi si nyumba yakale kuposa zonse. Ulemu umenewo ndi wa Mandala House, yomangidwa mu 1882, yomwe ndi nyumba yakale kwambiri mwa zimene zidakaimabe m'Malawi, komanso yoyamba yosanja. Eni ake anali kampani ya African Lakes, imene inakhazikitsidwa ku Glasgow mu 1878 ndipo kuno ankaiyendetsa ndi abale awiri, John ndi Frederick Moir. John ankavala magalasi a maso, anthu n'kumupatsa dzina loti Mandala, ndipo dzinalo linafalikira ku kampani, ku nyumba, mpaka ku dera lonselo. Khoma lake ndi la zidina ndi matope, osati njerwa zootcha, ndipo chimene chalipulumutsa ku mvula zaka zonsezi ndi khonde lalikulu lozungulira nyumbayo. Ife omanga ku Lilongwe masiku ano, amene timadula khonde kuti chipinda chochezera chikule, tikanakaphunzirako kanthu.

Pansi pamakhala pogulitsira zojambulajambula ndi pomwera khofi, ndipo alendo ambiri amathera pomwepo. Chuma chili pamwamba. Mukakwera masitepe amatabwa mupeza laibulale ya bungwe la Society of Malawi, lomwe linayamba mu 1946 ndipo lakhala likutulutsa magazini yake ya mbiri yakale kuyambira mu 1948. Muli mabuku, mapu ndi zithunzi zakale zoti munthu wofuna kudziwa momwe dera lakwawo linkaonekera agogo ake ali ana angathe kutherapo tsiku lathunthu.

Mandala ali ndi nkhani inanso. Usiku wa pa 23 January 1915 kuchezera pa 24, gulu la anthu a John Chilembwe linayenda wapansi kuchokera ku Mbombwe ku Chiradzulu kudzathyola nyumba yosungiramo mfuti ya kampaniyi. Mfuu inamveka msanga, ndipo anathawa ndi mfuti zochepa chabe. Kulephera kwa usiku umenewo n'kumene kunafooketsa kuukira konse, popeza popanda zida sakanalimbana ndi asilikali a boma. Nkhope ya Chilembwe timayenda nayo m'thumba pa K2,000, ndipo pa 15 January timapuma pomukumbukira, koma ndi angati mwa ife amene anakaimapo pa malo pamene nkhondo yake inapindikira?

Nyumba yosungiramo zinthu zakale ya dziko lino inayambiranso ku Mandala komweko mu 1960, isanasamukire ku Chichiri komwe Kamuzu anakatsegula nyumba yatsopano mu 1966. Kunena zoona, malowa akufunika chisamaliro choposa chimene amalandira, ndipo munthu wozolowera zonyezimira akhoza kutuluka msanga. Koma panja pali injini yakale ya sitima yoyendera nthunzi ndi galimoto zakale zimene ana amazikonda, ndipo m'kati muli chinthu chimene palibe nyumba, mtengo kapena phiri la m'Malawi lingapikisane nacho pa ukale. Ndi mwala wolemera makilogalamu 93 umene unagwa kuchokera kumwamba ku Machinga mu January 1981. Miyala yamtundu umenewu inapangika pamodzi ndi dzuwa ndi dziko lapansi, zaka zoposa mabiliyoni anayi zapitazo. Maonekedwe ake ndi a mwala wamba wakuda, woti utakhala m'munda mwanu mukhoza kungoukankhira kumalire.

M'katikati mwa tauni zoyamba zachita kuthithikana, moti kuzifotokoza zonse kungatopetse. Khonsolo ya tauni inakhazikitsidwa mu 1895, yoyamba m'dziko muno. Bungwe la amalonda limene lero limachititsa chionetsero cha zamalonda ku Chichiri linayamba mu 1892. Kalabu ya Blantyre Sports ndi ya mu 1896. Holo yakale ya tauni, yomangidwa pokumbukira Mfumukazi Victoria, ndi ya mu 1903. Nyuzipepala ya Daily Times mizu yake ili mu Central African Planter ya mu 1895, ndipo palibe ina kuno imene ingaiyandikire pa zaka. Hotela ya Ryalls mu Hannover Avenue, yakale kuposa zonse zimene zikugwirabe ntchito, inayamba kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1920. Ngakhale msika wa masheya uli komweko, ndipo kampani yoyamba kugulitsapo masheya inali NICO mu 1996. Boma tinalitenga, koma ndalama zinakana kusamuka msanga.

Za sitima ndiye zimatichititsa manyazi pang'ono. Njanji yochokera ku Port Herald, komwe lero ndi ku Nsanje, inafika ku Blantyre mu 1908. Ku Lilongwe inafika mu 1979, patapita zaka 71, ndipo ndi thandizo la dziko la Canada. Njanjiyo ndiyo inabala Limbe, kumene kunakhala likulu la sitima ndi fakitale ya fodya ya kampani ya Imperial Tobacco. Matauni awiriwa anaphatikizidwa mu 1956, koma mpaka pano munthu wa ku Limbe akakwera minibasi amati akupita ku Blantyre, ngati kuti ndi ulendo wa kudziko lina.

Pali mbiri imodzi imene amuna a m'mabala amaidziwa bwino kuposa aphunzitsi. Mu 1968 kampani ya Carlsberg inatsegula fakitale ya mowa ku Makata, ndipo imeneyi inali fakitale yake yoyamba kunja kwa dziko la Denmark. Osati ku Britain, osati ku Germany, koma m'mphepete mwa Ndirande. Kuyambira mu 2016 fakitaleyi ili m'manja mwa kampani ya Castel, koma womwa akamaitanitsa Green satchula dzina la kampani iliyonse, amangotchula mtundu wa pepala la pabotolo.

Bwalo la Kamuzu ku Chichiri linagonja kwa la Bingu pa kukula ndi pa kukongola, ndipo mbali zina za mipando yake zinatsekedwa kalekale chifukwa chokalamba. Koma pa bwalo limeneli, lomwe poyamba linkatchedwa Rangeley, ndi pamene mbendera ya Britain inatsitsidwa pakati pa usiku, ya Malawi n'kukwezedwa, kulowa pa 6 July 1964, Prince Philip ali pompo. Dzina lake lasintha motsatira mphepo ya ndale: linakhala Kamuzu, mu nthawi ya Bakili Muluzi linakhala Chichiri, Bingu wa Mutharika n'kudzabwezeretsa la Kamuzu. Pamenepa ndi pamene pamachitikira mkangano wakale kwambiri wa mpira wathu, wa Manoma ndi Maule. Wanderers, omwe ndi Manoma, inayamba mu 1962, Bullets, omwe ndi Maule, mu 1967. Bullets ndiyo yatenga ligi kambiri kuposa timu ina iliyonse, ndipo mu 2004 inakhala yoyamba ya m'Malawi kufika m'ndime ya m'magulu ya mpikisano wa akatswiri a mu Africa. Ife a Silver tikhoza kuwiringula momwe tingathere, koma tsiku limene awiriwa akumana mzinda wonse umagawikana pawiri, ofiira uku abuluu uku, kuyambira ogulitsa chimanga chootcha mpaka makondakitala, ndipo zoterozo kwathu kuno sizinachitikepo. Kuchoka pa bwaloli, chipilala cha ufulu chopingasa msewu wa Masauko Chipembere chili pafupi pomwepo.

Chipatala si malo okaonako zinthu, koma nkhani ya zazikulu za Blantyre singathe osatchula Queen Elizabeth Central, chomwe achikulire amati ku Gulupu. Ndicho chachikulu kuposa zonse m'dziko muno, cha mabedi opitirira 1,000, ndipo pambali pake ndi pomwe panayambira sukulu yoyamba yophunzitsa madokotala mu 1991. Mu 2017 panatsegulidwa Mercy James Centre, malo oyamba m'Malawi ochitira maopaleshoni a ana okhaokha. Chimene ambiri sadziwa n'chakuti dzina la mzindawu limatchulidwa tsiku ndi tsiku m'zipatala za mayiko akutali. Mwana akakomoka ndi malungo, dokotala amayang'ana zinthu zitatu: ngati maso akutsatira nkhope ya mayi ake, ngati akusuntha akamutsina, ndi mmene akulirira. Amapereka mapointi kuchokera pa 0 kufika pa 5, ndipo akakhala 2 kapena kucheperapo amaganizira malungo a mu ubongo. Muyeso umenewu umatchedwa Blantyre Coma Scale, ndipo anaukonza ndi madokotala Malcolm Molyneux ndi Terrie Taylor ndi anzawo pa ana odwala a ku Queens, n'kuufalitsa mu 1989.

Pa madzi, mzindawu uli ndi mbiri imene eni ake sangainyadire. Ife athu amachokera ku madamu a Kamuzu ku Malingunde n'kutsika ndi mtsinje mpaka pa malo oyeretsera, pafupi ndi kwathu ku msewu wa Likuni. A ku Blantyre ambiri amachokera mu Shire, pa Walker's Ferry, mtunda wa makilomita pafupifupi 40, ndipo amakankhidwa ndi makina kukwera chitunda cha mamita pafupifupi 800 asanafike mu mpopi wa munthu. Ndiye kuti kapu iliyonse ya madzi ili ndi bilu ya magetsi m'kati mwake, ndipo magetsi akazima ku mapampu, mipopi ya kumtunda imauma. Amishoni anasankha malowa chifukwa cha mphepo yozizira ndi timitsinje ta m'mapiri, zokwanira mudzi wa anthu ochepa. Sanawerengere anthu 800,000. Zaka zaposachedwapa anawonjezera mapaipi ochokera ku Likhubula ku Mulanje, komwe madzi amatsika okha.

Mapiriwo ndiwo amachititsa kuti munthu wa ku Lilongwe, wozolowera chigwa, azingotembenuka khosi. Ndirande ali uku, Soche uku, Michiru uko, ndipo kutali kumaoneka Chiradzulu. Michiru ndiye wasungako nkhalango, ndipo mbali ya ku Chilomoni kuli Njira ya Mtanda imene Akatolika ndi ena amakwera akupemphera mpaka pa mtanda waukulu wa pamwamba, pomwe mzinda wonse umaonekera. Ndirande ndi Soche anametedwa mpala. Mitengo inapita ku makala ndi nkhuni, ndipo nyumba zinakwera phiri chifukwa anthu analibe kwina kopeza malo otsika mtengo. Mu March 2023 kunabwera namondwe wa Freddy, amene bungwe loona zanyengo padziko lonse linatsimikiza kuti ndiye anakhalitsa kuposa anamondwe onse olembedwa m'mabuku, masiku 36, kuchokera kufupi ndi Australia, kuwoloka nyanja yonse ya India, mpaka kudzathera kuno. Mvula itagwa masiku angapo osalekeza, mbali ya phiri la Soche inagumuka, matope ndi miyala zikuluzikulu n'kutsikira m'nyumba za ku Chilobwe. Anthu mazanamazana anafa m'chigawo cha kumwera, ena sanapezeke n'komwe. Mukayang'ana phirilo kuchokera mumsewu, mipata imene madzi anang'amba ikuonekabe. Mukapita kumeneko pitani mwaulemu, chifukwa amene mukuwafunsa njira mwina anataya abale awo pomwepo.

Ulendo wochoka ku Lilongwe ndi wa makilomita opitirira pang'ono 300, kudzera ku Dedza, Ntcheu ndi Zalewa, ndipo woyendetsa yekha akonzeretu ndalama za pa zipata za Kalinyeke ndi Chingeni. Wokwera basi wamba akatsikira pa Wenela. Dzina limeneli ndi la bungwe limene linkalemba amuna ntchito ya ku migodi ya ku Joni, ndipo agogo athu ambiri, a ku Lilongwe ndi Dowa omwe, anadzera m'manja mwake mpaka Kamuzu atayimitsa ulendowo mu 1974, ndege yonyamula anthu obwerera kumudzi itagwa ku Francistown. Kuchoka pa depoti imeneyi kufika ku Mishoni ndi mtunda woyenda wapansi, wosafuna ngakhale kabaza. Kuchoka ku Mishoni mukhoza kudutsa m'tauni n'kukafika ku Mandala dzuwa lisanafike pamutu, masana n'kukwera minibasi ya ku Limbe n'kutsikira pa Chichiri. Laibulale ya ku Mandala simatsegula nthawi zonse, ndiye yambani mwafunsa. Ndipo ngati mukufuna kuona m'kati mwa tchalitchi mwakachetechete, sankhani pakati pa sabata, chifukwa Loweruka kumakonda kukhala maukwati ndipo pakhomo pamadzaza ojambula zithunzi ndi aperekezi.